Sizilala ndi Sizirala

A Makiyi anakalambira pakhonde la sitolo ya eni ake, akudula makiyi ndi kukonza maloko, ndipo pa zaka zonsezo anatolapo nzeru imodzi yokha: chitseko chikatseguka osathyoledwa, wakuba ndi wa m'nyumba momwemo. Anaona akazi akudulitsa kiyi wa kabati ya amuna awo, ana akudulitsa wa golosale ya bambo awo, alonda akubwera ndi kiyi wodinda pa sopo. Munthu sankamukhulupirira, ngakhale wonyamula Baibulo. Choncho tsiku limene apolisi anatenga mwana wawo wamkazi, uja anthu ankangomutchula kuti Sekilitale, mtima unawapweteka ndithu, koma mutu unali utayamba kale kufunsa kuti kiyi anampatsa ndani.

Nkhani yake inali yotere. Sekilitale ankagwira ntchito pa kampani yaing'ono yokhoma madesiki ndi mabedi, dzina lake Sizilala. Kampaniyo inapereka madesiki ku sukulu ina yogonera komweko. Nthawi yolipira itakwana, kalaliki wa sukuluyo analandira imelo yonena kuti Sizilala yasintha banki, ndalama zipite ku akaunti yatsopano. Ndalama zinapitadi, wina n'kukazitapa tsiku lomwelo, akauntiyo n'kutsala chigoba. Pa kampani yonse, wodziwa pasiwedi ya imelo anali Sekilitale yekha. Apolisi sanavutike n'kuganiza.

A Makiyi anakamuona m'mawa, atanyamula botolo la madzi ndi sopo. Apolisi anamutulutsa m'chitolokosi n'kumukhazika pa benchi ya pakauntala, wopanda nsapato, kumutu atamanga kansalu kobwereka. Anali mayi wa ana ake, mwamuna anamuthawa kalekale, koma pa benchipo ankaoneka ngati mwana wodikira kukwapulidwa. Anawauza bambo ake kuti imelo ija sanalembe ndi iye. Tsiku limene inatumizidwa anali kuchipatala ndi mwana wake wamng'ono, ndipo anamwino angachitire umboni. Anatinso sukuluyo itachedwa kulipira, iye anailembera maimelo angapo okumbutsa, ndipo m'imelo iliyonse ankalembamo akaunti yeniyeni ya kampani, yomwe ija ya kale. Kalaliki sanayankhe ngakhale imodzi. Akamuimbira foni ankangoti zili m'njira.

Sajeni amene ankafufuza mlanduwo anali chapomwepo, akuchotsa litsiro m'zikhadabo ndi chotsekera cholembera. Anati za kuchipatalazo n'zopanda ntchito, chifukwa foni ya m'thumba imatumiza imelo munthu ali pamzere wa mankhwala, ngakhale ali m'chimbudzi.

"Mbava za masiku ano sizifunika kupezeka pamalo, achikulire," anatero. "Umboni woti munthu anali kwina unkagwira ntchito m'nthawi yanu."

A Makiyi anayang'ana manja a mwana wawo, osati nkhope.

"Kiyi wa imeloyo unampatsa ndani?"

"Palibe, bambo."

"Ganiza bwino. Mnzako, chibwenzi, aliyense."

"Ndati palibe."

Sajeni anawauza kuti fayilo ipita kukhoti sabata ya mawa, ndipo akachoka kumeneko mwanayo akadikirira mlandu wake ku ndende yaikulu, kuja anthu amaiwalikako mpaka ana awo kuwatchula kuti malemu. Zoletsa zinalipo ziwiri basi: mwini kampani athetse dandaulo lake, kapena papezeke wakuba wina, wokhala ndi nkhope ndi manja oti avale unyolo.

* * *

Mwini Sizilala anali bambo wamimba amene anthu ankawatchula kuti a Thabwa. Ankayendabe ndi pensulo kukhutu ngakhale kuti sowo anasiya kalekale kuigwira. Shedi yawo inali kumapeto kwa msewu wa maenje, yodzaza utuchi ndi fungo la zitsulo zowotcherera. Ofesi inali kachipinda kotchingidwa ndi matabwa opyapyala pakona, ndipo pa tebulo la Sekilitale panali malo oyera pamene pankakhala kompyuta, fumbi litazungulira.

A Thabwa ankayankhula za iwo eni ngati gulu la anthu. Anati ife tinamutenga mwanayu ngati wathu, ife tinamuphunzitsa ntchito, ife tinkamulola kupita kuchipatala nthawi ya ntchito, ndipo taonani mmene watithokozera. A Makiyi anadikira kuti mphepoyo idutse. Kenako anapempha kuti aone maimelo okumbutsa aja, poti mwana wawo anali atawauza kuti chilichonse chotumizidwa chimasiya chinzake kwa wotumiza.

"Palibenso," anatero a Thabwa. "Nyumba ikalowa njoka sugonamo. Tinaitanitsa munthu, anatseka bokosi lonse lija n'kutitsegulira latsopano kwina. Zakale zonse zinapita."

"Musanawerenge?"

"Tiwerengenji? Mabodza a wakuba?"

A Makiyi anamva ngati munthu wobedwa amene wadzuka n'kupeza bwalo lasesedwa kale, mapazi onse a mbava atafafanizika. Anafunsa kuti imeloyo anawakonzera ndani pachiyambi. A Thabwa anakwinya nkhope. Anati ndi mayi wina wa makompyuta wa kuseri kwa msika, mayi wadyera, amene atamaliza ntchito yomwe anamuitanira anayamba kupempha zina. Ankafuna apatsidwe pasiwedi ya kumene kunalembetsedwa dzina la kampani, ati akaikeko zidindo. Iwo anakana. Dzinalo analivutikira kuyambira ali okhoma mipando pansi pa mtengo, ndipo sakanalipereka m'manja mwa mkazi wa mwini.

"Ngati mukufuna mbava yachiwiri, kayambireni kumeneko," anatero, akuwatsegulira chitseko.

Panja a Makiyi anaima pansi pa chikwangwani kuti apume. Wopenta analembapo Sizirala, pamene pa kalendala ya mu ofesi muja panali Sizilala. Sanaganizepo kanthu, poti aliyense amalemba monga lilime lake lagwera. Maganizo awo anali pa mayi uja, munthu amene anagwira loko asanaperekedwe kwa mwini wake, n'kupemphanso kiyi wina pamwamba.

* * *

Mayi Netiweki, monga ankadziwikira pamsikapo, ankagwirira ntchito mu kontena yopentedwa buluu. M'katimo munali malaputopu akufa osanjikizana, mawaya olendewera ngati matumbo, ndi fani yomwe inkangopukusa mutu osatulutsa mphepo. Anali mayi wa zaka za pakati, wamagalasi omangidwa ndi ulusi mbali imodzi. A Makiyi sanazungulire. Anamuuza kuti iwo ndi bambo a Sekilitale, ndipo khalidwe la anthu okonza maloko akulidziwa bwino chifukwa ntchitoyo ndi yawo.

Mayiyo sanakwiye. Anawayang'ana pamwamba pa magalasi.

"Bambo, ndikanakhala kuti ndadya ndalama za madesiki, mukanandipeza muno ndikuwotchedwa ngati mbatata? Khalani pansi. Samalani mpandowo, mwendo umodzi ndi wongoyerekeza."

Anawafotokozera pang'onopang'ono, ngati wouza wodwala dzina la matenda ake. Imelo, anatero, ili ngati envelopu, kumbuyo kwake munthu aliyense angalembe dzina lililonse. N'chifukwa chake makampani akuluakulu amene amalandirira anthu maimelo amayamba aifunsa imelo iliyonse isanalowe. Amafuna kudziwa ngati makina amene aitumiza ali m'gulu la ololedwa kutumiza m'dzina limenelo. Amayang'ana ngati ili ndi chidindo chobisika cha mwini dzina. Amaonanso ngati mwini dzinayo anasiya mawu onena chochita ndi imelo yobwera yopanda chidindo, kuibweza kapena kuiponya pambali. Zonsezi zimalembedwa kumene dzina la kampani linalembetsedwa, ndipo kumeneko salowako popanda pasiwedi ya mwini. A Thabwa anaikaniza. Anadzitumizira okha imelo, itafika n'kunena kuti ntchito yatha, zotsalazo ndi njira zodyera anthu osaphunzira.

"Ndiye kuyambira pamenepo maimelo a Sizilala akhala akuyenda ngati munthu wopanda chiphaso," anatero mayiyo. "Pena mlonda amamulowetsa, pena amamukankhira kudzala. Dzalalo amati sipamu. Palibe amalitsegula."

A Makiyi anamva theka lokha, ndipo theka limenelo sanalikhulupirire lonse. Munthu wodziwa kufotokoza bwino chonchi amadziwanso kunama bwino. Komabe anagwira chinthu chimodzi. Anafunsa ngati maimelo a mwana wawo angakhale ali kudzala la ku sukulu kuja.

"Angakhale. Koma dzala limenelo limadzikhuthula lokha mwezi ukatha. Mukachedwa mukapeza mbee."

Anamupempha kuti apite nawo. Mayiyo anakana. Anati za apolisi sazifuna, ali ndi ana oti awadyetse, ndipo anamuchenjeza kale Sekilitale nthawi ijayi, koma mwanayo anangoti bwana akana. A Makiyi ananyamula mpando wolumala uja n'kukauika pakhomo penipeni pa kontena. Anakhala pansi, natambasula miyendo, n'kunena kuti aliyense wobwera kudzakonzetsa foni amuuza kuti muno ndi momwe munayambira ulendo wa mwana wawo wopita ku ndende. Kasitomala woyamba atabwerera pakhomo, mayiyo anang'ung'udza china chake chokhudza mfiti zokalamba, n'kutenga chikwama chake.

* * *

Kalaliki wa sukulu anali bambo woonda, wa tayi yofupika, wolemekeza anthu mopitirira muyeso. Mawu ake ambiri ankayamba ndi pepani. Pa windo la ofesi yake munthu ankatha kuona kalasi imodzi, ndipo madesiki a Sizilala anali momwemo, ana atayamba kale kuwazokota mayina. Anati nkhaniyi ili m'manja mwa apolisi, koma poona ukalamba wa bambowa awaonetsa imelo ija kuti mitima ikhale pansi.

Pamwamba pa imeloyo panali dzina la Sizilala ndi chizindikiro cha kampani, ndipo ngakhale moni wake unali ngati wa Sekilitale. Mayi Netiweki anakoka mpando, nadina pa dzinalo, ndipo pansi pake panatuluka adiresi yonse. Anauza kalaliki kuti aiwerenge mokweza. Anawerenga. Kenako mayiyo anafufuza imelo yakale ya nthawi imene sukulu inkaitanitsa madesiki, imodzi mwa zimene zinapulumuka dzala, n'kumuuza kuti awerengenso. Anawerenganso. A Makiyi anatchera khutu ndipo anamva dzina limodzi kawiri.

Mayiyo anaika chikhadabo pansi pa chilembo chimodzi. Adiresi yakale inali ya sizilala. Ya imelo yosintha banki inali ya sizirala.

"Pepani, koma si chimodzimodzi?" anatero kalaliki. "Ena amalemba l, ena r. Dzina langa lomwe, pa satifiketi lili ndi l, pa chiphaso lili ndi r, koma malipiro ndimalandira."

"Pakamwa pathu n'chimodzi," anatero mayiyo. "Kwa makina ndi nyumba ziwiri, eni ake awiri."

Anatsegula mbali ina yodzaza tizilembo ting'onoting'ono ngati nyerere, n'kuwerenga mwakachetechete. Anati wakubayo anagula dzina la r, n'kuikako zonse zimene a Thabwa anakana. Imelo yake inafunsidwa mafunso onse, inayankha bwino, n'kulowera khomo la kutsogolo ngati mlendo wolemekezeka. Wakuba anasamala dzina lobera kuposa mmene mwini anasamalira lenileni.

Kenako anatsegula sipamu.

Maimelo a Sekilitale anali momwemo, atandandalika pakati pa ogulitsa mankhwala a mphamvu ndi ouza anthu kuti apambana galimoto. Onse anali osatsegulidwa. A Makiyi Chingelezi sankachidziwa, ndipo maso awo anali atayamba kuchita nkhungu, koma dzina la mwana wawo analizindikira, chifukwa ndi iwo anamuphunzitsa kulilemba pa katoni ndi khala. Mayiyo anatsegula imelo imodzi n'kuwamasulira. Munali moni, chikumbutso cha malipiro, ndi akaunti ya kale ija. Inalembedwa sabata yomweyo imene yabodza ija inafika. Munthu wofuna kuti ndalama zisochere sangamalondolere wolipira njira yoona.

Nkhalambayo inagwira m'mphepete mwa tebulo. Koma mutu wozolowera kukayikira sunapume. Anafunsa kuti nanga munthu wakutaliyo anadziwa bwanji kuti kuno kuli madesiki oti alipiridwe, ndiponso kuti Sekilitale amapereka moni wotani.

Mayi Netiweki anawayang'ana pang'ono, n'kubwerera pa kompyuta. Sanachedwe. M'bokosi la kalaliki munali lamulo lobisika, lotumiza imelo iliyonse yolowa ku adiresi ina yachilendo. Wina ankawerenga makalata a sukuluyi ngati nyuzipepala. Mayiyo anafunsa kalaliki ngati analandirapo uthenga wonena kuti bokosi lake ladzaza, alembe pasiwedi kuti likuzidwe. Kalaliki anamasula tayi. Anati mauthenga ndi ambiri, munthu sangakumbukire onse, ndipo ngati zinachitika ndiye kuti ndi kale.

Mayiyo anatulutsa foni kuti ajambule. Kalaliki anaphimba sikirini ndi fayilo, mwachangu chimene munthu sakanamuganizira. Anati pepani, zinthu za sukulu sizijambulidwa popanda chilolezo cha ahedi, ndipo ahedi ali kumsonkhano. Abwere ndi apolisi, zonse ziyende mwa ndondomeko. A Makiyi anati mayiyu apite akatenge apolisiwo, iwo akhala pampando pompano maso ali pa kompyuta. Kalaliki anapepesa kwambiri, n'kuitana mlonda. Mlondayo anawatulutsa atawagwira pachigongono, mwaulemu, ngati wothandiza nkhalamba kuwoloka msewu.

Pa geti a Makiyi anacheuka. Kalaliki anali akukoka katani.

* * *

Sajeni analibe galimoto tsiku limenelo. Mawa lake galimoto inalipo koma inalibe mafuta. Atamva za l ndi r anaseka mpaka kutsokomola, n'kuitana anzake kuti adzamve kuti tsopano ayamba kumanga zilembo. A Makiyi anakhala pa benchi osachoka, mpaka Sajeni anatopa ndi nkhope yawo n'kuvomera kukwera nawo basi. Mayi Netiweki anabweranso, monyinyirika.

Dzala linali loyera mbee. Ngakhale ogulitsa mankhwala a mphamvu aja anali atasamuka. Kalaliki anapepesa, nati iyenso wadabwa, koma wamva kuti malo amenewa amadziyeretsa okha. Lamulo lobisika lija kunalibenso. Mayi Netiweki anati dzala silikhuthula zonse nthawi imodzi, limayamba ndi zakale, ndipo apa pali dzanja la munthu. Sajeni anamufunsa ngati angamuonetse dzanjalo. Mayiyo anati zonse zimatsala zolembedwa ku kampani yaikulu ya kutsidya kwa nyanja, koma iwowo amayankha pepala la khoti lokha. Sajeni anati iye ngakhale pepala lolembera sitetimenti amachita kupempha.

Imelo ya r ija inalipobe. Sajeni anawerama, nayang'anitsitsa chilembocho, n'kugwedeza mutu. A Makiyi anayamba kupuma bwino. Koma Sajeni atawongoka anati zimenezi zikungokulitsa mlandu, chifukwa zikuonetsa kuti nkhaniyi inachita kukonzedwa mofatsa. Ndani angadziwe bwino kuti anthu sasiyanitsa zilembo ziwirizi kuposa amene amataipa dzinalo tsiku ndi tsiku? Kenako anatembenukira kwa mayi uja.

"Komanso inu mayi mukuzidziwa bwino zimenezi. Kugula dzina, kuika zidindo. Mwana uja sakanatha yekha. Mudzadutse ku ofesi ticheze."

Mayi Netiweki anavula magalasi, nawapukuta, n'kuwavalanso. 

A Makiyi anati iwo anaona ndi maso awo, maimelo a mwana wawo anali momwemo, ndipo ali okonzeka kulumbira pamaso pa woweruza aliyense.

"Munawerenga?" anafunsa Sajeni.

"Ndinaona dzina lake."

"Zolembedwazo munawerenga?"

"Zinali m'Chingelezi. Anandiwerengera mayiwa."

"Ndiye munaona dzina la mwana wanu pa galasi, wina n'kukuimbirani nthano. Ndilembe zimenezo, achikulire?"

Pa siteji mayi Netiweki anakwera basi ina. Mawa lake kontena inali yotseka, ndipo foni yake inkangoyankha mawu a makina.

Kukhoti sikunatenge nthawi. Belo inkafuna anthu a ntchito zodziwika oti aimire woimbidwa mlandu, ndipo munthu wodula makiyi pakhonde la eni sawerengedwa. Sekilitale anakwezedwa lole pamodzi ndi ena. Anakhala chafufumimba pakona, osayang'ana kumene kunali bambo ake.

* * *

Panatsala khomo limodzi. A Makiyi anaganiza motere: ngati kiyi anabedwera ku sukulu, ndiye kuti sukulu sinalipire Sizilala, inalipira mlendo, ndipo iyenera kulipiranso. A Thabwa akamva zimenezi athamanga okha ku polisi kukachotsa dandaulo. Chifundo cha munthu sakanachidalira, koma dyera lake analidalira, poti ilo silinawakhumudwitsepo. Ananyamula chikwama chawo cha zipangizo, chimene sankachisiya pakhonde poopa akuba, n'kuyenda wapansi mpaka kumapeto kwa msewu wa maenje.

Mu shedi munali mulu wa mapaipi atsopano, ndipo owotcherera anali kalikiliki kupanga mabedi. A Thabwa anamvetsera nkhani yonse osadabwa, akutembenuza pensulo m'zala. A Makiyi atamaliza, iwo anati zimenezi anazimva kale. Ahedi anabwera okha, pamodzi ndi kalaliki wawo, ndipo anakambirana ngati akuluakulu. Sukulu ikumanga nyumba ina yogona ana, mabedi ake onse apatsidwa a Sizilala, ndipo zotayika za madesiki zija zibwerera pang'onopang'ono mu mtengo wa mabediwo. Chimene ahedi anapempha n'chakuti dzina la sukulu lisamveke pa nkhani imeneyi, poti makolo akamva kuti makalata a sukulu amawerengedwa ndi mbava achotsa ana awo.

Nkhanga zinali zitapangana kusanapse.

"Ndiye mukudziwa kuti mwana wanga sanabe."

"Ife sitidziwa kanthu, achikulire. Odziwa ndi akhoti. Ngati ndi wosalakwa atuluka."

"Liti?"

A Thabwa anadzikanda ndi pensulo kuseri kwa khutu. Anati akachotsa dandaulo apolisi afunsa kuti nanga wakuba ndani, ndipo funso limenelo likathera pa tebulo la kalaliki. Kasitomala sanyazitsidwa. Analoza amuna amene ankawotcherera aja n'kunena kuti onsewa ali ndi ana, ndipo anawo amadya mabedi amenewa. Kenako nkhope yawo inawala pang'ono. Anati nawonso aphunzirapo kanthu. Munthu amene anawatsegulira bokosi latsopano iwo anamupatsa pasiwedi ija, ndipo waikako zidindo zonse, wagulanso dzina lina lofanana nalo kuti mbava zisalitenge, ndipo masiku ano imelo ya Sizilala ikangotumizidwa imafika pamaso pa munthu nthawi yomweyo.

A Makiyi anayang'ana pansi. Utuchi unali utawalowa m'nsapato. Kuyambira tsiku limene mwana wawo anagwidwa anali asanadule kiyi ngakhale mmodzi, zidzukulu zinali kwa mayi woyandikana nawo nyumba amene anali atayamba kale kuyankhula mokweza, ndipo ku ndende kunali kutali, kosafikika wapansi. Anatembenuka kuti azipita.

"Poti mwabwera ndi chikwama," anatero a Thabwa kumbuyo kwawo. "Mwana wanu anapita ndi kiyi wa ofesi. Loko tagula kale, wangosowa woika. Tikulipirani lero lomwe."

Anaima nthawi yaitali, msana uli kwa a Thabwa. Malovu anadzaza m'kamwa, ndipo ankadziwa pamene akanawalavulira. Anaganiza za tsiku loona akaidi, za sopo, za bulangete, za kondakitala amene samva za mwana wa munthu. Anameza.

Anagwada pa chitseko cha kaofesi kaja n'kutsegula chikwama. Loko wakaleyo analibe vuto lililonse. Panalibe pokalika, panalibe popindika, palibe anayesapo kumuthyola chimuikireni. Anamumasula bwinobwino n'kumuika pambali. Watsopanoyo anamulowetsa, namanga zomangira zake, n'kupala pang'ono pafelemu kuti chitseko chisamagwire. Manja ankaidziwa okha ntchitoyo.

A Thabwa anayesa kiyi, kutseka ndi kutsegula, n'kukankha chitseko ndi phewa.

"Uyu ndiye loko," anatero. "Apa wakuba salowanso."

A Makiyi analandira malipiro awo osawayang'ana, natseka chikwama. Potuluka anaima pafupi ndi wowotcherera wina, nadikira kuti azimitse moto, n'kumufunsa kuti basi ya ku ndende amakwerera pati.